Ndani Amadyetsa Mbalame za M'matope?

Ndinaipeza itagona chammbali pamzere wa ndere ndi zigoba umene nyanja imasiya ikamabwerera. Munali mu Disembala 2022, masiku amene chisanu chinagwira dziko lonse la Britain kwa nthawi yoposa sabata, moti matope a kumtunda kwa gombe la Snettisham anali ataundana gwa! Mbalameyi kuno amaitcha redshank chifukwa cha miyendo yake yofiira. Chaka chimenecho chimfine cha mbalame chinali chitapulula mbalame za kunyanja zosawerengeka, ndipo ankatichenjeza kuti tisamagwire zakufa. Koma m'thumba la jekete ndinali ndi magolovesi a kuntchito, choncho ndinavala n'kuitola.

Ndinachita zimene amayi ankachita pamsika wa Zomba asanagule nkhuku, kupapasa nganga ndi chala chachikulu. Mnofu panalibe. Fupa la pachifuwa linali njo, lakuthwa ngati mpeni, ndipo mbalame yonse inali yopepuka ngati chitsononkho chouma. Sindinaone bala kapena magazi. Ntchito ya unamwino yandiphunzitsa kuzindikira thupi limene ladzidya lokha mpaka kutheratu. Ndinaima pomwepo kamera ili m'khosi, ndipo funso limene ndinkayesa kuti ndinalisiya kumudzi zaka 20 zapitazo linandipeza.

Agogo anga aakazi anamwalira mu Febuluwale 2002, chaka cha njala. Tinkakhala kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Anthu ankati chawatenga ndi kutsekula m'mimba, koma ife a m'nyumba tinkadziwa chimene chinayamba. Kwa masabata ambiri, phala la gaga likaphikidwa kamodzi patsiku, iwo ankatikankhira mbale n'kunena kuti, "Idyani ana inu, ine ndalawa kale pophika." Sankalawa kanthu. Pamaliro awo mkulu wina wa mpingo, munthu wabwino amene nayenso masaya anali atalowa, anawerenga pa Mateyu 6, pamene Yesu akuuza anthu kuti ayang'ane mbalame, zimene zilibe munda kapena nkhokwe koma Atate amazisamalira. Amayi a Mvano ankavomereza. Ine ndinali ndi zaka 16 ndipo mtima unkawira. Ngati amadyetsa mbalame, nanga agogo anga anamulakwira chiyani?

Kupemphera sindinasiye. Ndinangosiya kuwerenga ndime imeneyo, monga mmene munthu amalambalalira kanjira kodutsa kumanda.

Kugombe ndinayamba kupitako chifukwa cha ntchito ya usiku. Ukaweruka mamawa mutu uli wodzaza ndi kubuula kwa odwala, tulo sitibwera msanga, ndipo mnzanga wina wa kuntchito ananditenga tsiku lina kuti tikaone mbalame. Malowo ali kum'mawa kwa England, pamene nyanja yamchere yalowa kumtunda pakati pa Norfolk ndi Lincolnshire. Amawatcha Wash. Ife a nyanja za kwathu tinazolowera madzi amene amakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe. Kuno madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri tsiku lililonse chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo tsiku lililonse amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi dzulo lake. Akaphwa amasiya matope mpaka pamene maso alekezera. M'nyengo yozizira matope amenewa amasunga mbalame zoposa 300,000.

Mwezi ukangooneka kumene kapena ukakhala wathunthu, madzi amadzaza kwambiri mpaka kumiza matope onse. Masiku amenewo ndimanyamuka kukadali mdima, n'kuyenda makilomita oposa awiri kuchokera poimika galimoto, mphepo ikucheka makutu. Madzi amabwera mwakachetechete, akukwawa m'timifuleni ta m'matope, ndipo mbalame zimasunthira kumtunda pang'onopang'ono mpaka zitapanikizana. Kenako mwadzidzidzi zonse dzambatu! Zambiri mwa izo ndi mbalame zotuwa zimene amazitcha knot, zikwi makumimakumi. Amene anaonapo nkhungu ikufuka pa nyanja ya Malawi akhoza kuyerekeza, kungoti mtambo uwu umatembenuka. Uli bii ngati utsi wa matayala, kamphindi komweko wayera mbee chifukwa zonse zaonetsa mimba nthawi imodzi. Zikamadutsa pamutu mumamva ngati mvula ikubwera patali pa denga la malata. Zimakatera m'mbali mwa maiwe amene anatsala pamene anthu ankakumba miyala yomangira mabwalo a ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kudikira kuti madzi abwerere.

Tsiku loyamba ndinalira osadziwa chondiliza. Patapita miyezi ndinagula kamera yakale ndi lenzi yaitali, ndipo ndinayamba kuyenda ndi kabuku ka nthawi za madzi m'chikwama momwe mumakhala Baibulo.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndime ija ndinaikwiyira ndisanachite chimene imalamula. Yesu anati tiyang'ane mbalame. Alaliki ambiri amadumpha lamulo limeneli n'kuthamangira phunziro lake, ndipo nanenso ndinadumpha n'kuthamangira mlandu. Tsopano ndaziyang'ana zaka zingapo, nthawi zina maola anayi ndili phee m'kanyumba kobisaliramo, ndipo chinthu choyamba chimene ndingachitire umboni n'chakuti pagombe palibe mbalame yokhala chimanjamanja. Ku Hunstanton, pansi pa zigwembe za miyala yofiira ndi yoyera, kambalame koyera kotchedwa sanderling kamathamangitsa funde likamabwerera, n'kulithawa likamabwera, tsiku lonse. Turnstone imagudubuza timiyala ndi mlomo, kamodzikamodzi, kufunafuna tizilombo tapansi pake. Oystercatcher, ya mlomo wautali wofiira psuu, imatenga nthawi yaitali isanadziwe bwino kutsekula nkhono za zigoba ziwiri, ndipo yaing'ono mumaiona ikulimbana ndi chigoba chimodzi pamene yaikulu yadya kale zingapo. Mu Disembala kumacha cha m'ma 8 koloko n'kuyamba kuda 4 koloko isanakwane, choncho zambiri zimadyanso usiku, mumdima wa ndiweyani, malinga madzi aphwe.

Knot ndiyo imandidabwitsa koposa. Imalemera magalamu pafupifupi 140, ndipo zimene zimabwera kuno zimaswera ku Greenland ndi kumpoto kwenikweni kwa Canada. Kunsonga kwa mlomo wake kuli timitsempha timene timaithandiza kuzindikira kankhono kobisika m'matope onyowa isanakakhudze n'komwe. Wasayansi wa ku Netherlands, Theunis Piersma, ndi anzake ndi amene anafufuza zimenezi. Ikakapeza imakameza kathunthu ndi chigoba chomwe, n'kukaphwanyira m'nthutumba. Nthutumbayo imakula mbalame ikamadya zolimba, n'kufota ikamadya zofewa kapena ikamakonzekera ulendo wautali. Mtondo ndi munsi zili m'mimba mwake momwemo.

Nkhokwe nayo zili nayo, kungoti siimangidwa pabwalo. Ndi mafuta a pansi pa khungu. Pakati pa nyengo yozizira mbalame zambiri za m'matope zimanenepako, kukonzekera masiku amene kudya kudzavute. Mafuta omwewo ndi amene zimaulukira. Mu 2022 mwana wa mbalame yotchedwa bar-tailed godwit, atamumangirira kachipangizo kolondolera, anauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita oposa 13,000, kwa masiku 11 osatera. Mtundu womwewo ndimauona pa Wash ukufukula nyongolotsi. Koma nkhokwe ya pathupi ndi yaing'ono. Chisanu chikakhalitsa, imatha m'masiku ochepa.

Tsono kudyetsa kwa Mulungu kumene ine ndakuona ndi maso n'kotere: palibe chakudya chimene chimagwera m'kamwa mwa mbalame. Chimene imapatsidwa ndi matope, mwezi wowatsekula pa nthawi yake, ndi mlomo woyenerana ndi zimene zili m'matopemo. Zina zonse ndi thukuta. Nditaona zimenezi ndinachita manyazi m'malo mwa onse amene amagwiritsa ntchito ndime ija pouza munthu wosauka kuti angokhala chete n'kudikira. Mlimi wa ku Kachulu amene wadzuka 4 koloko kupita kudimba akufanana ndi mbalame za Yesu kuposa munthu amene wapinda manja akuti ali ndi chikhulupiriro.

Komabe izi sizinayankhe funso langa, chifukwa agogo sanali aulesi, ndipo redshank ija sinali yaulesi. Mbalame imeneyi imadya tizilombo ting'onoting'ono ta kumtunda kwa gombe, kumene kumayamba kuundana, ndipo kukazizira tizilomboto timalowa pansi n'kusiya kuyenda. Ikhoza kugwira ntchito usana ndi usiku koma osapeza zokwanira kubweza kutentha kumene mphepo ikuilanda. Mu Febuluwale 1991 chisanu chitakhalitsa, anthu anatola mitembo ya mbalame za m'matope yoposa 2,000 m'magombe a Wash, ndipo redshank zinali m'gulu la zimene zinafa kwambiri. Mwezi wake ndi womwewo umene kwathu nkhokwe zimakhala zitagona, chimanga chili ngayaye m'munda koma chosadyeka.

Pali njala ina imene ili ndi mwini wake. M'zaka za m'ma 1990 nkhono za pa Wash zinachepa kwambiri, mwa zina chifukwa chozikolola mopyola muyezo ndi mabwato a makina. M'nyengo zozizira zingapo oystercatcher zinafa m'zikwi, ndipo knot zinachepa. Mwezi unkatsekulabe matope kawiri patsiku monga kale, koma mbalame zikatera zinkapeza wina watengeratu. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira zimene tinamva pambuyo pa maliro a agogo, kuti chimanga chimene chinali m'nkhokwe zikuluzikulu za boma chinali chitagulitsidwa njala isanafike. Mvula inavutadi chaka chimenecho, koma mvula sigulitsa chimanga. Ndili mtsikana mlandu wonse ndinaupereka kumwamba chifukwa kumwamba n'kumene mlaliki analoza. Mbali yaikulu ya mlanduwo inali pansi pano.

Zimakoma kuloza mabwato ndi akuluakulu a boma. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi mbalame yakufa m'manja n'china, ndipo ndiyenera kuchinena.

Kutatsala masiku awiri kuti ndiipeze, ndinali pagombe lomwelo cha ku Heacham madzi atadzaza. Pakamchenga kena panali gulu la mbalame zogona, oystercatcher, redshank zingapo ndi tina tating'ono, chilichonse chitaima ndi mwendo umodzi, mlomo utabisidwa m'nthenga za pamsana. Dzuwa linali litangotuluka, kuwala kwake kofiirira ngati uchi. Ndinkafuna chithunzi chimene ndinali ndisanachipezepo. Ndinasendera. Imodzi inadzutsa mutu. Ndinachiona chizindikirocho, ndinkachidziwa tanthauzo lake, koma ndinasenderanso mapazi asanu. Zitatu zinadzutsa mitu, ina inalira, ndipo zonse zinabalalika kulowera pamadzi. Ndinajambula zikunyamuka. Chithunzi chimenecho n'chokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo: mapiko akuda ndi oyera, miyendo yofiira ikulendewera, timadontho ta madzi tikunyezimira.

Mayi wina wachikulire amene ankayang'ana chapatali ndi magalasi oonera kutali anabwera pamene ndinali. Sanakalipe. Anapempha kuona chithunzicho, anachiyamikira, kenako anati, "Mafuta amene zaulukira apawa ndi amene zikanafunda usiku uno." Anapitiriza ulendo wake.

Redshank imene ndinatola ikhoza kukhala ina, pakuti pagombepo zilipo zambiri, ndipo tsiku limodzi zimadzidzimutsidwa kangapo ndi agalu osamangidwa, anthu othamanga ndi akabawi. Koma kabawi akamazithamangitsa amakhala ali ndi njala. Ine ndinali nditadya, nditavala majekete awiri, tiyi wotentha ali m'chikwama. Ndinatenga kutentha kwa m'thupi la cholengedwa chimene chinalibe kokagula kwina, kuti ndikapachike pakhoma.

Malume anga ankatchera mbalame ku Chilwa. Nyanja itauma mu 1995, matemba ndi milamba zitasowa, anthu ambiri anatembenukira ku mbalame, ndi ulimbo, misampha ndi maukonde. Tinadya atsekwe, abakha a m'madzi ndi timbalame tambiri ta m'matope timene sitinkatisiyanitsa n'komwe. Lero ndikudziwa kuti tina mwa timeneto, monga ruff ndi little stint, tinali alendo ochokera kumpoto kwa Ulaya ndi Siberia, tothawa chisanu kuti tidzadye m'dzinja lathu. Chilwa ndi Wash onse ali pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano limene linasainidwa ku Ramsar m'dziko la Iran mu 1971. Ndikamva anthu ena kuno akunena za otchera mbalame a ku Africa ngati akunena za zigawenga, ndimawatsutsa poyera. Malume ankapha kuti ana a mlongo wawo agone atadya, ndipo mbalame iliyonse ankaidziwa kulemera kwake m'manja. Kutchera kukapyola muyezo kumawononga, zimenezo n'zoona, ndipo alenje a ku Chilwa eni ake anakhazikitsa magulu oteteza malo oswera mbalame. Koma pakati pa malume ndi ulimbo wawo ndi ine ndi kamera yanga tsiku lija, wosowa chowiringula ndi ine.

M'buku la Levitiko, chaputala 19, muli lamulo lakuti mwini munda asakolole mpaka m'malire, ndipo asabwerere kukatola zotsalira, kuti wosauka ndi mlendo apeze pokunkha. Kwathu khunkha timalidziwa. Lamulo limeneli landithandiza kumva Mateyu 6 kuposa ulaliki uliwonse. Mulungu amene amadyetsa mbalame ndi yemweyo amene amauza wokhuta kuti aime asanamalize zonse. Kudyetsa kwake kumadutsa m'manja a amene angathe kutenga koma asiya. Ndipo apa m'pamene ndinawaona agogo mwatsopano. Zaka zonsezi ndinkafunsa kuti Mulungu anali kuti m'nyumba mwathu mu 2002. Tinalimo ana anayi, ndipo tonse anayi tili moyo. Mbale ija inkakankhidwira kwa ife tsiku ndi tsiku ndi dzanja la munthu amene ankapemphera m'bandakucha uliwonse. Ndikaima kutchalitchi n'kunena kuti Mulungu anandidyetsa pa njala, ndikunena zoona, ndipo ndikudziwa mtengo wake ndi amene anaulipira.

Sindikufuna kuti wina atenge mawu awa n'kukatonthoza nawo wamasiye mofulumira. Mabwato akachoka, akuba chimanga akalapa, ojambula tonse tikaima patali, chisanu chidzabwerabe ndipo redshank zina zidzafabe popanda wozilakwira. Mbali imeneyi ya funso ikadali yotsekula, ndipo ndakana kuitseka ndi mawu okoma. Chimene ndagwiritsitsa chili pa Mateyu 10, pamene Yesu yemweyo akunena za mpheta zotsika mtengo pamsika. Salonjeza kuti sizidzagwa. Chimene akunena n'chakuti ngakhale imodzi ikagwa, Atate sakhala kutali. Ndili ndi zaka 16 zimenezi zikanandimvekera ngati kuzemba funso. Lero, nditakhala pambali pa mabedi ambiri pakati pa usiku, nditagwira manja a anthu amene mankhwala awalephera, ndikudziwa kusiyana kwa kufa wekha ndi kufa wina alipo. Si kusiyana kwakung'ono. Anamwino tonse timakudziwa, ndipo n'chifukwa chake sitichoka pabedi ngakhale palibenso choti tichite.

Mbalame ija ndinaiika pansi pa chitsamba kuseri kwa mchenga, ndinavula magolovesi n'kuwamanga m'kapepala ka pulasitiki, ndipo ndinapita kukauza oyang'anira malowo kuti pagombe pali yakufa. Usiku wake ndinatsekula Mateyu 6 koyamba chichokereni kumaliro a agogo.

Kajambulidwe kanga kasintha. Ndimafika madzi asanadzaze, ndimakhala pansi pamalo amodzi, ndipo ndimadikira kuti madziwo azibweretse kwa ine. Nthawi zambiri ndimabwerera ndi zithunzi za timadontho takutali. Nthawi zina sanderling imaiwala kuti ndine munthu n'kudzadya pafupi ndi nsapato yanga, moti ndimaona mchenga umene wamatirira pamlomo wake wakuda ndi kamthunzi kake kakuthamanga nayo limodzi, ndipo lenzi yaitali imalephera kujambula chifukwa yayandikira kwambiri. Chithunzi cha ku Heacham sindinachifufute. Chili m'kabati, ndipo ndimachitulutsa pamene mnzanga watsopano wandipempha kuti ndimutenge kugombe.

Abale anga amene muli kuno ku Britain, ndikudziwa kuti m'miyezi yozizira timangodziwa njira ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kunyumba. Funsani tsiku limene madzi adzadzaze kwambiri, valani zofunda zokwanira, mutenge ana mupite nawo ku Snettisham kapena kugombe lililonse la matope limene muli nalo pafupi. Ngati muli ndi galu, mumumange chingwe. Mukamayandikira gulu la mbalame zogona n'kuona imodzi yadzutsa mutu, imani pomwepo, mubwerere m'mbuyo pang'ono, mukhale pansi.